Za Kugawa ndi Kuokera Masitiroberi: Mau kwa Eni Makomo a ku Muloza

Abale anga, eni makomo a ku Muloza ndi midzi yozungulira, ndikulemberani za kachomera kaja kamene ena a inu muli nako kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa dimba, kobala zipatso zofiira zimene tizitcha masitiroberi. Poyenda ine m'midzi ya m'munsi mwa phiri, kuyambira ku Limbuli kufikira ku malire, ndamva dandaulo limodzi pakamwa pa anthu osiyana, ndipo mau ache ndi awa: chaka choyamba zinabala bwino, chaka chachiwiri zinayesako, koma tsopano achuluka ndi masamba okha, ndi zipatso zachepa ngati nandolo, kapena mbeu iyi ikana dziko lathu. Atatero aleka, nabzala mpiru pamalopo.

Yankho langa ndi ili: mbeu siinakane dziko, koma tsinde lakalamba, ndipo mwini wache aopa kulizula. Sitiroberi si mtengo wa mango umene munthu abzala kamodzi, nadyako ana ndi adzukulu omwe. Masiku ache a kubala bwino ndi owerengeka, zaka 2, zikachuluka 3, ndipo kuno kotentha kawirikawiri safika ndi pomwepo. Munthu wofuna kudya zipatso zache chaka ndi chaka ayenera kulimba mtima, kukumba bedi looneka lobiriwira, kutaya zokalamba, ndi kuokera zazing'ono pa nthaka yatsopano mvula ikamatha. Ndidziwa kuti chimenechi chiwawa, pakuti palibe mlimi akondwera kuzula chinthu chamoyo chimene anachithirira ndi manja ache. Chifukwa chache ndiyesa kukuonetsani mutu wa nkhaniyi, popeza munthu wamkulu sagwira bwino nchito imene anangouzidwa osadziwa chifukwa chache.

Zulani tsinde limodzi lokalamba, mukutumule dothi, ndi kulipenyetsetsa. Pakati pa mizu ndi masamba mudzapeza kathunthu kakafupi konenepa, konga chala chachikulu cha kudzanja. Kameneka tikatche khosi. Ndipo pamwamba pa khosi pali mtima, potulukira masamba atsopano ndi maluwa. Chaka ndi chaka khosi likwera pang'ono, liphukanso nthambi m'mbali mwache, kotero kuti tsinde limene linali ndi mtima umodzi pa tsiku lobzala likhala ndi mitima 5 kapena 8, yonse yothithikana pa malo a chikhato chimodzi, kulimbirana madzi ndi chakudya. Mizu yatsopano ituluka pamwamba pa yakale, ndipo khosi likakwera kuposa nthaka, mizu yatsopanoyo ipeza mphepo yokha, niuma isanagwire pansi. Yakale ida bii, nikhala yolimba ngati nkhuni. Ndiponso mizu ya sitiroberi siyenda kutali. Yambiri iri m'kati mwa masentimita 15 a pamwamba, ndiwo mainchesi 6, ndipo chakudya cha m'kanthaka kameneko chikatha, palibe kwina kokafuna. Taonani, chomera chotere chiri ngati banja lalikulu lodyera m'mbale imodzi ya mwana.

Zomera zatsopano tizipeza m'njira ziwiri. Yoyamba ndiyo ya ana a pachingwe: nyengo yofunda tsinde litulutsa zingwe zoyanga pansi monga maungu, ndipo pa mfundo ya chingwe pamera kachomera, kazika mizu, ndi chingwe chipitirira kukabala kena patsogolo. Yachiwiri ndiyo ya kugawa tsinde lokalamba lija, mtima uli wonse ndi mizu yache. Za njere zija zomamatira kunja kwa chipatso musabvutike nazo. Zimera mochedwa, ndipo chotulukacho sichifanana ndi make. Koma mwana wa pachingwe, kapena chogawidwa pa tsinde, ndiye make yemweyo, ndi ubwino wache wonse ndi zoipa zache zonse.

Nkhani ya kumene mbeu iyi inachokera itiphunzitsa mphamvu ya zingwezi. M'chaka cha 1714 munthu wa ku France, dzina lache Amédée-François Frézier, anabwerera kwao kuchokera ku dziko la Chile ndi zomera 5 zamoyo za sitiroberi wa zipatso zazikulu, atazithirira m'chombo miyezi 6 ndi madzi amene anali osowa ngakhale kwa anthu. Zomera 5 zomwezo zinachulukitsidwa ndi zingwe, nizigawidwa m'minda yambiri. Koma zonse zinali zazikazi, ndipo pa zokha sizinabale bwino, kufikira alimi a ku Brittany anazibzala pafupi ndi mitundu yina imene inazipatsa mungu. Pa kukwatirana kwa mtundu wa ku Chile ndi wina wochokera ku North America kunatuluka, cha m'ma 1750, sitiroberi wa m'munda amene timdziwa lero. Ndipo m'chaka cha 1766 mnyamata wina wodziwa za zomera, Antoine Nicolas Duchesne, analemba buku lolongosola mitundu yache. Kuyambira pamenepo mbeu iyi yayenda pa dziko lonse monga tsokonombwe uja anatha mtunda ndi kudumpha, chingwe ndi chingwe, dzanja ndi dzanja, kufikira kuseri kwa nyumba yanu.

Nyengo yache

Pano ndipo ambiri alakwa, ndipo ine ndinalakwa poyamba. Ku dziko la kutsidya la nyanja kumene ndinaphunzira za ulimi, alimi aokera masitiroberi mu Ogasiti ndi Sepitembala, pakuti kumeneko miyezi imeneyo kutentha kuli kutha ndi chisanu chiri kudza. Nditafika kuno ndinatsata mwezi wa m'buku, osayang'ana kumwamba. Ndinaokera bedi lathunthu mu Sepitembala. Mai wina wachikulire amene anali kutunga madzi pafupi anaima, napenya, nati, Bambo, dzuwa la Okutobala mulidziwa kodi? Ndinamyankha monga munthu wophunzira. Pofika Novembala zotsala zinali zowerengeka pa zala za dzanja limodzi, ndipo maiyo sananene kanthu, chimene chinandipweteka koposa akadanena.

Chinthu chache chiri chotere. Sitiroberi akafundidwa, ndi masiku akatalika, atulutsa zingwe ndi masamba. Kukazizira usiku, ndi masiku akafupika, atulutsa maluwa. Tsono kwathu kuno dzinja ndiyo nyengo ya zingwe, ndi chisanu ndiyo nyengo ya zipatso. Mlimi wanzeru aokera pakati pa nyengo ziwirizi, kuyambira pakati pa Marichi kufikira kutha kwa Epulo, mvula yaikulu itapita koma nthaka ikali yofunda ndi yachinyontho. Chomera chookeredwa pamenepo chikhala ndi milungu yokwanira kuzika mizu ndi kukuza masamba chisanu chisanafike. Ndipo duwa likatseguka, chipatso chipsa patapita mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukatero mudzatchola kuyambira Juni kapena Julayi kufikira kutentha kwa Okutobala kutaziletsa. Mukachedwa kufikira Juni, chomera chiyamba maluwa chikali khanda, nichibala tizipatso tochepa, nichifoka. Mukafulumira kuokera ndi mvula yoyamba monga chimanga, khosi libvunda m'matope a Januwale.

Sindikubisirani kuti Muloza si Zomba. Iwo amene anakwerapo phiri la Zomba pa mseu wopita ku Ku Chawe anaona anthu ogulitsa masitiroberi m'timadengu m'mbali mwa mseu. Phiri limenelo nsonga yache ipitirira mamita 2,000, ndipo usiku kuzizira nthawi yaitali ya chaka. Midzi yathu ino siifika ndi theka lomwe la msinkhu umenewo. Chifukwa chache nyengo yathu ya kubala ndi yaifupi, ndi matsinde athu akalamba msanga. Koma tiri ndi zathu zimene ena alibe: madzi otsika m'phiri la Mulanje osaphwa chaka chonse, ndi chiperoni chija chimene chitibweretsera mitambo ndi mvula yowaza pa miyezi ya chisanu. Ndipo popeza matsinde athu akalamba msanga, ife ndife oyenera kuokera kawirikawiri koposa anzathu a pamwamba pa mapiri. Ine ndikulangizani kuti muokere chaka ndi chaka, ndipo bedi liri lonse lisapitirire nyengo 2 za kubala.

Chosankha ndi chotaya

Mukandifunsa chimene chipambana, mwana wa pachingwe kapena chogawidwa pa tsinde, ndinena mosakayika kuti mwana wa pachingwe. Mizu yache yonse ndi yatsopano, khosi lache liribe bala la mpeni, ndipo agwira msanga. Mwa ana a chingwe chimodzi, woyamba ndi wachiwiri kuchokera kwa make ndiwo amphamvu. A kunsonga ndi ofoka, muwataye. Muwathandize kugwira pansi powapsinja ndi kamwala, kapena kuwakhomera ndi kamtengo ka mphanda, ndipo patapita milungu 4 kapena 6 adzakhala ndi mizu yao, ndi chingwe chikhoza kudulidwa. Ena aika kachubu ka dothi pansi pa mwanayo, monga tichita ndi mbande za mitengo, kuti pa tsiku lookera mizu isasokonezeke konse; ndi njira yabwino kwa iye amene ali ndi nthawi.

Kugawa tsinde kuli ndi malo ache. Ilipo mitundu yina youma manja, yotulutsa zingwe zochepa. Nthawi zina mbuzi zalowa ndi kudya ana onse; nthawi zina mnzanu wa kutali akupatsani tsinde limodzi lokha, ndipo mufuna kuti likhale 5. Pamenepo mugawe, ndipo mugawe motere. Thirirani bedi madzulo, kuti m'mawa dothi likhale lofewa. Lowetsani khasu patali ndi tsinde monga utali wa chikhato, mulinyamule lonse ndi dothi lache, ndi kupita nalo pamthunzi. Nchito iyi isachitike padzuwa ngakhale pang'ono. Kutumulani dothi, kapena mutsuke m'ndowa kuti muone bwino. Mitima ya m'mbali, yokhala ndi mizu yoyera kapena yotuwira, ndiyo yofunika. Muipatule ndi zala, ndipo ikakana mudule ndi mpeni wakuthwa wotsuka. Chigawo chiri chonse chikhale ndi mtima wache ndi mizu yache yamoyo, ndi khosi lonenepa kosachepera pensulo. Cha pakati chija cholimba, cha mizu yakuda, muchitaye ngakhale chioneke chachikulu koposa zonse. Anthu ambiri asunga chimenecho chifukwa cha ukulu wache, nataya tating'ono. Achita monga wosunga nkhuku yoleka kuikira ndi kupha misoti.

Pogawa, dulani khosi limodzi pakati muone m'kati mwache. Likakhala loyera, chabwino. Likakhala lofiirira kapena lakuda, tsinde limenelo ladwala. Litentheni lonse, osatengapo kanthu, ndi mpeni muutsuke musanakhudze lina. Chomwechonso tsinde la masamba opiringizika, opinimbira, kapena a mawanga achikasu, musatengepo mwana ngakhale mmodzi. Inu a ku Mulanje simufunika kuphunzitsidwa zambiri pa ichi. Matenda a chisaka anayamba kuoneka pa nthochi za m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'zaka zotsatira anapululutsa minda ya nthochi ya ku Thyolo ndi kwathu kuno. Anayenda ndi nsabwe za pa zomera, inde, koma mtunda wautali anayenda pamutu pa anthu, m'mphukira zimene mbale anapatsa mbale wache ndi mtima wabwino. Masitiroberi nawo ali ndi matenda ao oyenda m'njira yomweyo, obisala mwa make ndi kutuluka mwa mwana. Ndipo inu amene munagwirapo nchito pa nazale za tiyi mudziwa kuti kumeneko sadula nthambi pa chitsamba chiri chonse, koma pa zitsamba zosankhika zokha. Tiyi amene Henry Brown anabzala ku Mulanje m'chaka cha 1891 anali wa njere. Koma minda yambiri yobzalidwa m'zaka za pambuyo pache ichokera ku nthambi za amai osankhika, pakuti alimi anaona kuti munda ufanana ndi chimene unatengedwako.

Mutapatula, chotsani masamba akale, musiye 2 kapena 3 ang'ono a pafupi ndi mtima. Mizu yotalikitsa muifupikitse, itsale monga masentimita 10 kapena 12. Ndipo mukulunge zonse m'chiguduli chonyowa kapena m'tsamba la nthochi. Mizu ya sitiroberi ndi yopyapyala ngati tsitsi, ndipo mphepo iiumitsa m'kanthawi kamene munthu apatsana moni ndi mlendo wopita panjira. Musakumbe zambiri kuposa zimene mungathe kuokera tsiku lomwelo.

Bedi latsopano likhale lokonzeka kale, milungu 2 tsiku lookera lisanafike. Likhale pa malo ena, osati pomwe panali lakale, pakuti nthaka ya pamenepo yatopa ndipo isunga matenda. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pewaninso pamene panali matimati, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya m'zaka 3 zapitazi, chifukwa mbeu zimenezi zisiya m'nthaka matenda ofotetsa ndi tizirombo totupitsa mizu, zimene sitiroberi sapirira. Pakhale pofika dzuwa la m'mawa ndi la usana, pafupi ndi madzi, koma posadikha madzi. M'lifupi mwache bedi likhale mita 1, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo, ndipo litukuke masentimita 20 kapena kuposa, popeza mvula ya kuno siichita manyazi. Pa malo otsetsereka ligone mopingasa. Sakanizani ndowa imodzi ya manyowa oola bwino pa mita iri yonse ya utali wache. Zitosi za nkhuku zaziwisi ziocha mizu. Nthaka yathu yofiira, imene tiyi aikonda, iri yowawasa kuposa m'mene sitiroberi afunira, ndipo phulusa la pamoto lodzaza manja awiri pa mita iri yonse lithandiza, koma musapambanitse.

Mubzale mizere 2 yokha pa bedi, yotalikirana masentimita 40, ndi zomera zotalikirana phazi limodzi, ndiwo masentimita 30. Bedi la mamita 5 litenga zomera 32. Pa tsiku loyamba lidzaoneka lopanda kanthu, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjezere mzere wachitatu. Musaumvere. Masiku a chiperoni masamba akhala onyowa kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo pamene mphepo siipita, chuku chotuwa chigwira maluwa ndi zipatso.

Tsopano ndifika pa chinthu chimene chipha zomera zambiri koposa tizirombo tonse pamodzi, ndicho kuya kwa kabzalidwe. Tazolowera matimati ndi mpiru, zimene tizikwirira mozama nizikondwa. Sitiroberi sali wotero. Mtima ukakwiririka ndi dothi, ubvunda, ndipo chomera chifa chiri chiimire, mwini osadziwa chachipha. Khosi likatsala pamtunda ndi mizu ya pamwamba kuonekera, chiuma. Malo ache ndi amodzi okha: pakati pa khosi palingane ndi nkhope ya nthaka, mizu yonse pansi, mtima wonse pamwamba, monga munthu woima m'madzi olekeza m'khosi, mphuno iri kunja. Kumbani kadzenje kokwanira mizu yonse, muumbe kachulu pakati pache, mukhazike chomera pa kachuluko, ndi kuyala mizu kuti itsikire mbali zonse. Isapindikire m'mwamba ngati mbedza. Bwezani dothi, mutsendere ndi zala zolimba. Kokani tsamba limodzi pang'ono. Chomera chikasuntha, simunatsendere. Thirirani pomwepo m'mbali mwache, ndipo madzi atalowa mubwerere kukaona chiri chonse, pakuti china chidzakhala chitamira ndi china chitafukuka, ndipo nthawi yokonza ndi yomweyo. Nchito yonseyi ichitike madzulo dzuwa litapendeka, kapena tsiku la mitambo. Ngati ana akuthandizani, aloleni atunge madzi ndi kunyamula manyowa, koma kukhazika khosi kukhale kwa munthu wamkulu.

Masiku 4 kapena 5 oyamba muzitchingire dzuwa ndi timaudzu kapena zidutswa za masamba a nthochi zozika pambali. Milungu 2 yoyamba muthirire tsiku ndi tsiku, pambuyo pache masiku 2 kapena 3 ali onse monga nthaka ifunira, ndipo madzi apite pansi, osati pa masamba. Zikagwira, phimbirani bedi ndi udzu wouma wopanda njere, wochindikala ngati zala zitatu, koma mtima ukhale poyera. Udzuwo usunga chinyontho, uletsa thengo, ndipo zipatso zigona pa udzu m'malo mwa dothi. Muziutukula nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe kapena nkhono zamangamo. Maluwa otuluka m'mwezi woyamba muwathothole, ngakhale dzanja likane, kuti mphamvu ipite ku mizu. Zingwe zonse zotuluka pa bedi la zipatso muzidule. Ndipo mpanda umangidwe musanaokere, chifukwa nkhuku imodzi ifukula m'mawa umodzi nchito ya masiku atatu. Za apumbwa sindinena zambiri. Iwo adziwa tsiku lakupsa chipatso kuposa mwini munda, ndipo mankhwala ache ndi kulawira.

Alipo amene adzati, Zonsezi nchifukwa cha kachipatso kosakhutitsa? Funso ili ndi la nzeru, ndipo sindilinyoza. Kuno malo ndi ochepa, minda ya tiyi yatizinga, ndipo palibe munthu woganiza bwino angachotse chimanga kapena chinangwa kuti abzale masitiroberi. Komatu bedi la mamita 5 silichotsa chimanga cha munthu. Likhala pa kamalo ka kuseri kwa khitchini kamene tsopano kamera chisoso. Zipatso zache zidza pa miyezi imene mango kulibe, ndipo m'kati mwache muli vitamini C wolingana ndi wa m'lalanje, wothandiza nkhama ndi khungu ndi kupola kwa zironda. Mwana amene akana ndiwo zamasamba sakana sitiroberi.

Za malonda ndikuchenjezani. Chipatso ichi sichipsa chikatcholedwa chosapsa, monga ichita nthochi, ndipo chakupsa sichikhala masiku 2 pa kutentha. Blantyre ali pa mtunda wa pafupi makilomita 100, ndipo dengu logwedezeka m'galimoto njira yonseyo lifika liri phala. Chinanazi chipirira ulendo, sitiroberi iai. Chifukwa chache musatenge ngongole kapena kudzaza dimba lonse poyembekeza ndalama. Yambani ndi bedi limodzi la pakhomo. Mukaona kuti dzanja lanu lazolowera, ndipo mwapeza wogula wodziwika wa pafupi, pamenepo muonjezere. Ndaonanso kuti mlimi wosunga mbeu yoyera apeza ogula mbande mu Marichi ambiri kuposa ogula zipatso mu Ogasiti.

Mau amodzi kwa inu amene mukhala pa mudzi wa akazi anu. Ndamva kawiri kawiri mwamuna akuti, Ndibzalirenji mtengo pa malo a eni? Za mitengo tidzakambirana tsiku lina, ndipo sindibvomerezana nanu konse. Koma pa mbeu iyi chowiringula chimenecho chiribe pogwira, pakuti ibala miyezi 3 kapena 4 mutaokera, ndipo munda wache wonse ulowa m'dengu limodzi. Ndipo popeza m'makomo ambiri dimba ndi ndowa ziri m'manja mwa amai, kalata iyi musaipinde ndi kuisunga m'thumba la malaya. Muwawerengere, makamaka mau aja a khosi ndi mtima.

Chotsala ndicho kusunga mbeu kuti ioloke chirimwe ndi dzinja, pakuti kuno ndi pamene ambiri aitaya. Nchito imeneyi iyamba zipatso zikali pa bedi. Mu Ogasiti ndi Sepitembala, potchola, penyani matsinde amene abala zipatso zambiri, zazikulu ndi zokoma, ndi masamba ache ali obiriwira osapiringizika. Pambali pa liri lonse lotere zikani kamtengo. Musadalire kukumbukira, chifukwa pofika dzinja onse afanana, ndipo tsinde laulesi ndilo litulutsa zingwe zambiri, popeza silinatope ndi kubala. Munthu wotenga ana mwachisawawa achulukitsa aulesiwo chaka ndi chaka, nadabwa kuti mbeu yache yasanduka. Matsinde 6 kapena 8 osankhika akwanira kukupatsani ana a bedi latsopano ndi ena ogawira abale. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala muwamangire kachisakasa ka udzu wapatalipatali, kotchinga dzuwa la masana kokha, ndipo musaleke kuthirira chifukwa zipatso zatha. Mvula ikayamba chotsani chisakasa, zulani matsinde opanda timitengo kuti ana apeze malo, tsegulani ngalande m'mbali mwa bedi, ndi kupalira ndi manja, osati ndi khasu.

Ndipo amai a mbeuwo asakhale onse m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Mu Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula yosaleka pa phiri, mitsinje ya Muloza ndi Ruo inasefukira, nitenga nyumba ndi miyoyo ya anthu, ndi madimba omwe; zimene zinatayika masiku amenewo ndi zazikulu kotero kuti kutchulapo kachomera aka kuchititsa manyazi. Koma amene anayambanso kulima pambuyo pache adziwa kuti kusowa mbeu kunali bvuto lina pamwamba pa mabvuto. Chifukwa chache matsinde 2 kapena 3 mwa osankhikawo muwasunge pamtunda pafupi ndi nyumba, ngakhale m'ndowa yobooka kapena m'thumba lodzaza dothi, pamalo pamene madzi a padenga sagwera. Mu Januwale ndi Febuluwale muwalole atulutse zingwe 5 kapena 6 liri lonse, mupsinje ana oyamba ndi achiwiri, ndi kudula nsonga zotsala. Pofika pakati pa Marichi tukulani mwana mmodzi muone pansi pache. Mukapeza mizu yoyera yodzaza chikhato, yambani kukonza bedi.